Mzere Wofiira pa Kompyuta ya Ababa

1. Uthenga wa pasikirini

M'nyumba ya bambo wojambula mapulani munali chinthu chimodzi chimene sichinkakhudzidwa ndi manja onyowa. Chinthucho chinali laputopu yakuda imene inkakhala patebulo la pafupi ndi zenera. Mwiniwake ankaitcha khasu lake. Mapulani onse a nyumba za anthu ankawajambulira momwemo, ndipo banja lonse linkadyera momwemonso.

Bamboyu anali ndi ana awiri aakazi. Wamkulu ankaphunzira unamwino. Wamng'ono anali fomu yachitatu, ndipo aliyense ankangomutcha Mzime poti ndiye anatsiriza kubadwa. Mayi awo anali atamwalira. Mawu a mayiwo anatsala m'kavidiyo kamodzi kokha, koma foni ya achemwali a Mzime, imene munali kavidiyoko, inagwera m'ndowa ya zochapa m'nyengo ya mvula, osayakanso. Nkhani ya foniyo sinkatchulidwa pakhomopo.

Mzime anali mtsikana wolota masana. Ankatha kuiwala madzi akuwira pamoto chifukwa choonerera mitambo. Masiku amenewa mitamboyo inali itayamba kufanana ndi mnyamata wina wa tsidya lina la msewu, amene anzake ankamutcha Wagitala.

Loweruka m'mawa ababa anapita kukayeza malo a munthu wina. Anasiya pulani ya nyumba yosanjikiza itatsala pang'ono kutha, yoti akapereke Lolemba. Anamulola Mzime kulemba ntchito ya kusukulu pa laputopuyo, monga mwa masiku onse. Lamulo linali limodzi: fulashi ya kunja isalowe.

Koma m'thumba la siketi ya Mzime munali fulashi yobiriwira. Wagitala anamupatsira pachipata cha sukulu, akuyang'ana pansi, nati muli nyimbo zimene anapeka yekha ndipo palibe wina amene wazimvapo.

Mzime anatseka chitseko, nakoka katani. Analowetsa fulashi ija n'kukopera nyimbozo m'kompyuta. Anamvera yoyamba atatsinzina. Kenako anakumbukira ntchito ya kusukulu, nailemba, n'kudina poti aseve, kuti isungike m'kompyuta.

Pasikirini panatuluka kabokosi. Kanati malo atha.

Anadinanso. Kabokosi kanabweranso. Atatsegula pamene pamaonetsa kukula kwa disiki, anapeza kuti mzere umene unkakhala wabuluu wasanduka wofiira, wodzaza mpaka kumapeto. Mzime anakumbukira za Lolemba. Ngati ntchito yake yaing'onoyo ikukana kusevedwa, nanga pulani ya ababa?

2. Nzeru za Phuma

Pa nthawi yomweyo kunja galu anauwa ngati wawona mbala. Galu ameneyu ankauwa mlendo aliyense, ngakhale wobwera tsiku ndi tsiku. Wobwerayo anali mnzake wa Mzime wa m'kalasi, mtsikana woyankhula ngati akuthamangitsidwa, amene anthu ankamutcha Phuma.

Phuma anangoona fulashi yobiriwira ija, nagwira pakamwa.

"Iwe, ya Wagitala imeneyi? Ndiye nyimbo zake zalemera chonchi mpaka kudzaza khasu la abambo ako? Chikondi chimenechi n'cha matani angati?"

Mzime anamuuza kuti asiye zoseka, chifukwa zinthu zavuta. Awiriwo anafufuta nyimbo zija. Anakhuthula bini ya m'kompyuta. Mzere sunasunthe. Anayang'ana kukula kwa foda ya mapulani, ya zithunzi ndi ya ntchito za kusukulu. Zonse pamodzi sizinkafika ngakhale theka la theka la disiki. Malo enawo anali atadyedwa ndi chinthu chosaoneka.

Phuma anati mchimwene wake anamuonetsapo pamene amadina kuti zobisika zioneke. Anakankha mnzake, nakhala pampando. Posakhalitsa panaonekera mafoda otuwa ngati mizukwa, amene kale sankaoneka. M'kati mwa imodzi anapezamo foda yaikulu koopsa. Dzina lake silinali dzina, linali zilembo ndi manambala osakanikirana.

"Chisa cha vairasi ndi chimenechi," anatero Phuma motsitsa mawu. "Usachitsegule, chingabalalike. Chifufute basi. Abambo ako akamabwera apeza mzere uli wabuluu, fulashi ili m'thumba, iwe uli mngelo."

Mzime anasankha foda ija, nadina batani lofufutira. Kompyuta inati chinthuchi n'chachikulu moti sichikwana m'bini, chikachoka chachokeratu. Inafunsa ngati akutsimikiza. Pansi pake panali mabatani awiri, lovomera ndi lokana.

Chala cha Mzime chinaima m'malere. Anakumbukira tsiku limene ababa anamulola koyamba kukhala patebulo limeneli, ndi mawu amene anayankhula atayika dzanja pa chivindikiro cha laputopu:

"Mwanangu, ine ndakhala ndikuyenda m'malo omanga nyumba kuyambira usanabadwe. Ndaona mmisiri akugumula khoma chifukwa likumutchingira njira, osadziwa kuti khomalo ndi limene lanyamula denga. Chinthu ukapanda kudziwa ntchito yake, sikuti chilibe ntchito. Ndiwe amene sunaidziwe. Ukalakwitsa, bwera udzandiuze udakali ndi cholakwa chimodzi. Ukayesa kubisa, udzabwera ndi ziwiri, ndipo chachiwiricho chimakhala chachikulu kuposa choyamba. Kukalipiridwa kumatha ndi dzuwa lomwelo. Koma pali zinthu zina zoti ukaziwononga sizibwerera, ngakhale ulire misozi yodzaza ndowa."

Phuma anamugwedeza phewa, nati afulumire.

Mzime anadina lokana. Anazula fulashi ija, ndipo m'malo moibweza m'thumba anaiyika poyera, pakati pa tebulo.

Phuma anati iye maliro a eni sakhalira, natola chikwama chake. Ali pakhomo anacheuka n'kunena kuti akapulumuka amutumizire uthenga, akapanda kupulumuka amusiyire nsapato zake zoyera zija.

3. Ababa abwera

Ababa anafika dzuwa lili paliwombo, nsapato zili fumbi lokhalokha, tepi yoyezera ili m'manja. Asanakhale n'komwe, maso awo anagwera pa fulashi yobiriwira.

Mzime anagwada pafupi ndi mpando nafotokoza zonse. Anatchula mwini fulashi, nyimbo, mzere wofiira ndi foda yobisika. Ananenanso kuti anatsala pang'ono kuifufuta.

Ababa anayika tepi ija patebulo. Anakhala pansi, natsegula pulani ya nyumba yosanjikiza ija. Anasuntha zenera limodzi, nayesa kuseva. Kabokosi kaja kanatuluka. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa malaya.

"Wandilakwira, Mzime, chifukwa lamulo unkalidziwa," anatero pomaliza. "Koma wachita bwino kusiya fulashiyi pamene ndingaione. Tsopano tili ndi vuto limodzi, ndipo tilifufuza tonse. Chimene sindikufuna n'choti tiweruze munthu mlandu usanamveke. Mwina ndi fulashiyi, mwina ayi. Kompyutayi yakhala ikuyenda mokoka miyendo kwa nthawi ndithu, ine n'kumati ndi ukalamba."

Mzime anapuma pang'ono. Anati aphunzitsi awo a kompyuta amakhala kuseri kwa sukulu, ndipo sakaniza mwana wofunsa ngakhale Loweruka. Ana asukulu ankawatcha Madamu Sevani, chifukwa phunziro lililonse ankalitsiriza ndi mawu oti sevani ntchito yanu magetsi asanakuseveni.

Ababa anatsokomola ngati atsamwa ndi madzi. Anati si bwino kuvutitsa aphunzitsi pa tsiku lopuma. Anayang'ananso mzere wofiira uja, nayang'ana kalendala ya pakhoma. Kenako anati chabwino, apite, koma akapemphe mwaulemu. Mzime akutuluka anawaona akuchotsa makapu akuda patebulo ndi kuwongola nsalu ya pampando, zinthu zimene sankachitira ngakhale makasitomala awo.

4. Wakuba agwidwa masana

Madamu Sevani anamvetsera nkhani yonse ali chiimire pakhonde lawo. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati foda ija yafufutidwa. Atamva kuti ayi, anamwetulira. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachikwama ka zida ndi ambulera yawo yachikasu, imene ankayenda nayo padzuwa ndi pamvula pomwe.

Panjira Madamu ankayenda patsogolo. Atafika pa mphambano ya pafupi ndi kokonzera njinga, anakhotera kumanja Mzime asanawauze. Pachipata galu uja anathamanga kudzawachingamira. Sanauwe. Anagwedeza mchira, nawanyambita dzanja. Mzime anadabwa, koma mtima wake unali pa mzere wofiira.

Ababa ndi Madamu anapatsana moni waulemu kwambiri, aliyense akuyang'ana khoma.

Madamu anayamba ndi fulashi. Anaipima ndi pulogalamu yofufuzira mavairasi, ndipo inapezeka yoyera. Anapima kompyuta yonse, osapezamo kanthu. Mzime anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni pamutu. Anakhala pansi pamkeka.

Kenako Madamu anasanja mafoda motsata kukula kwake, yaikulu pamwamba. Anamuuza Mzime kuti ayang'ane masiku amene foda yobisika ija inkakula. Sinabadwe m'mawa umenewo. Inali ikunenepa pang'onopang'ono kuyambira kalekale. Masiku ena inkakula kwambiri, masiku ena osakula n'komwe. Madamu anafunsa chimene chimachitika pakhomopo masiku ena okha. Ababa ndi Mzime anangoyang'anana.

Nthawi yomweyo wailesi ya m'khitchini inangoti zii. Magetsi anali atazima.

Chitseko chinatsegulidwa, ndipo achemwali analowa ali mu yunifolomu, akudandaula kuti foni yawo yatsala pang'ono kufa. Anapereka moni mothamanga. Anatulutsa chingwe m'chikwama, nachilumikiza ku laputopu, monga ankachitira aliyense m'nyumbamo magetsi akazima. Foni inafunsa kanthu. Achemwali anadina osawerenga.

Pakona ya sikirini panatuluka kazenera kakang'ono. Kanati kakukopera zithunzi ndi mavidiyo a m'foni. Kenako kanati kalephera, malo palibe.

Madamu anaombetsa manja kamodzi.

"Wakuba uja ndi ameneyu. Ndipo makiyi mumamupatsa nokha."

Anafotokoza kuti m'kompyutamo muli pulogalamu yosamutsira zithunzi, yoikidwa kuti izigwira ntchito yokha. Foni ikalumikizidwa imafunsa ngati mukufuna kutchaja kokha kapena kulola kompyuta kuona za m'kati. Onse ankadina kulola, poganiza kuti akapanda kutero moto sulowa. Choncho nthawi iliyonse magetsi akazima, pulogalamuyo inkakopera zonse za m'foni kuyambira pachiyambi, n'kuzibisa m'foda ija, osataya zakale.

Achemwali anaphimba nkhope ndi manja. Anati pulogalamuyo anaiika ndi iwo, chaka chimene ankayamba sukulu ya unamwino, ndipo anadina kuvomera paliponse pamene inafunsa. Mzime anawafunsa mofatsa ngati kuchipatala amaperekanso mankhwala osawerenga botolo. Achemwali anamuponyera pilo. Ababa anaseka mpaka magalasi anatsetsereka pamphuno, chifukwa foni yawo nayonso inali itadya gawo lake.

5. Zimene zinali m'chisa

Madamu anatsegula foda yaikulu ija. M'kati munali mafoda ang'onoang'ono, iliyonse ya foni yake. Anati asanafufute chilichonse, mwini foni aliyense aone zake.

Ya ababa munali zithunzi za maziko, njerwa ndi matabwa, chithunzi chilichonse chobwerezedwa kambirimbiri. Ya foni yatsopano ya achemwali munali zithunzi za mabuku ndi za nkhope yawo yomwe. Panalinso foda ina imene inasiya kukula m'nyengo ya mvula.

Achemwali anasiya kuseka. Anayandikira, nawerenga mtundu wa foni umene unalembedwa pamenepo. Inali foni ija inagwera m'ndowa.

Ababa ndi Mzime anasendera pafupi. Achemwali anayendetsa chala mpaka anafika pa kavidiyo kena, nadina.

Pasikirini panaoneka zenera lomweli, katani yomweyi. Amayi anali atakhala pampando, akusokerera batani pa malaya a ababa, akuimba chapansipansi. Anatukula maso, naona kuti akujambulidwa. Anaseka, nadula ulusi ndi mano.

"Chotsa chifoni chakocho, iwe, tsitsi langa silinapesedwe. Kajambule Mzime uko, akuwerenganso mitambo madzi akuphwa pamoto."

Kavidiyo kanatha. Achemwali anakadinanso. Ababa anatembenukira kuzenera, mapewa awo akugwedezeka, koma atacheuka nkhope yawo inali yowala ngati ya munthu amene wapeza mwana wosochera. Mzime ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Anayang'ana chala chake chakumanja, chija chinaima m'malere m'mawa, nachibisa m'dzanja linalo.

Madamu anadikira mpaka onse atapukuta maso. Kenako anatulutsa kabokosi kosungira zinthu, kamene anati ndi hadi yakunja, nayankhula akuyang'ana Mzime:

"Ana inu mumaopa kompyuta ngati mfiti, kapena mumaidelera ngati chidole. Zonse ziwiri n'zolakwika. Kompyuta imachita zimene yauzidwa, ngakhale amene anaiuza ataiwala. Malo akatha, musayambe ndi kufufuta. Yambani ndi kufunsa: chachikulu n'chiti, chili kuti, chinayamba liti, anachiika ndani? Mukapeza mayankho amenewa, m'pamene mungagwire batani. Ndipo chinthu chimene mumachikonda musachisunge malo amodzi. Lero mwachita mwayi, chifukwa kusawerenga kwa achemwali ako n'kumene kwasunga mawu a mayi anu. Mwayi wotere subwera kawiri. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe wadekha pamene mnzako amakuthamangitsa, ndipo taona chimene waona."

Anakopera kavidiyo ka amayi ndi zonse zofunika ku hadi yakunja ija, nati hadiyo itsale pakhomopo, adzaibweza akadzagula yawo. Achemwali anakatumizanso ku foni yawo ndi ku ya ababa. Atatero m'pamene anafufuta zobwerezabwereza zija. Madamu anamuonetsa Mzime pozimitsira pulogalamu yodzikoperayo, ndipo Mzime anadina yekha, atawerenga mawu onse mokweza.

Mzere unabwerera m'mbuyo ngati madzi akuphwa. Unasanduka wabuluu.

Ababa anatsegula pulani yawo, nadina kuseva. Kabokosi sikanabwere. Anapuma mpweya wautali, natola fulashi yobiriwira ija patebulo. Anati kuyambira tsopano fulashi ya kunja isalowe isanapimidwe, ndipo mlungu wamawa Mzime achapa mbale zonse yekha. Anawonjezera kuti nyimbo za mnyamata wa gitalayo azimva iwo choyamba, kuti adziwe ngati munthuyo amatha kuimba kapena amangowononga mawaya. Mzime anabisa nkhope kumsana kwa achemwali.

6. Foda yopanda mwini

Panatsala foda imodzi imene palibe anaitsegula. Achemwali anawerenga mtundu wa foni yake, nati m'nyumba muno mulibe amene anakhalapo ndi foni yotere. Masiku ake ankaonetsa kuti inalumikizidwa kangapo miyezi yapitayi, nthawi zonse masana, pamene Mzime amakhala m'kalasi ndipo achemwali ali kuchipatala.

Achemwali anatambasula dzanja kuti atsegule. Madamu anawagwira mkono msanga.

"Za eni ake sititsegula," anatero. "Mwina ndi mlendo wina anapempha moto."

Ababa anavomereza mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira. Anati alendo ndi ambiri masiku ano, natsokomolanso. Madamu anasamutsira foda ija ku fulashi ina ya m'kachikwama kawo, nati akafufuza mwiniwake. Sikirini inatsekedwa.

Koma Mzime anali ataona kale. Pachikuto cha fodayo pankaoneka kachithunzi kakang'ono ka zimene zinali m'kati. Kanali khonde la nyumba yawo yomweyi. Ababa anali atakhala pampando, akuseka mmene sanasekerepo chimwalirire amayi. Pambali pawo, chotsamira khoma, panali chinthu chachikasu.

Ababa anati awaperekeza Madamu mpaka pamsewu. Mzime anaima pazenera, katani ili m'manja. Anaona galu akudumphadumpha pambali pa mlendo amene sanamuuwe. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo pachipata Madamu anatambasula ambulera yawo. Ababa anailandira osapemphedwa, ngati munthu wozolowera kuinyamula.

"Achemwali," anatero Mzime osachoka pazenera, "tabwerani mudzaone mtundu wa ambulera iyi."